Galimoto ya Kumbuyo kwa Mkwatibwi

Lolemba, 9 Juni

Kanema wa ukwati wa Loweruka ndafika naye pakati. Msana moto. Mpandowu ndinanena kale kuti watha, amuna anga amangoti mwezi wa mawa. Mwezi wa mawa wawowo sufika.

Iwo amajambula, ine ndimadula. Makasitomala anatipatsa mayina, iwo a Diso, ine a Sizasi, mpaka tinayamba kuitanana choncho m'nyumba momwe. Koma ntchito yeniyeni ili kwa Sizasi, asandinamize munthu. Lero lokha ndachotsa malume oledzera akuvina ndi mpando, azakhali akutokosa m'mano, kamtsikana ka maluwa kakulira mamina ali chuchuchu. Mchimwene wa mkwatibwi ali kunja, sanabwere. Ndamuimika pa chithunzi cha banja pakati pa makolo ake, akumwetulira, mthunzi wake womwe ndamupatsa. Chikwangwani chathu sichinama: TIMACHOTSA ZOSAFUNIKA, TIMAIKAMO AMENE SANABWERE.

Chimodzi chandidabwitsa. Pamene mkwatibwi akutsika m'galimoto pa geti la holo, kamera ikuthawira kumsewu, kugwedezeka, kenako kubwerera. A Diso sachita zimenezi. Dzanja lawo lili ngati mwala, n'limene ndinawakondera poyamba, nkhope ndinachita kuzolowera. Ndadula pogwedezekapo. Kachidutswa ka pamene akuponda pansi ndakasiya, ndakachedwetsa, ndaikapo nyimbo. Mawu a pamsewu sindimvera n'komwe. Mahutala, mphepo, ana, zonsezo ndimangokwirira ndi nyimbo.

Kanema wamfupi wotsatsira malonda ndamuika pa tsamba lathu la pa intaneti masana. A Diso akuti, "Dikirani kaye mwini wake aone." Kuyambira liti? Ndaika. Pofika madzulo anthu angapo afunsa kale ngati tili ndi malo mu Ogasiti.

A Diso sakudya bwino chibwerereni Loweruka. Akuti mutu.

Alamu, mng'ono wawo wa a Diso, anabwera kudzatchaja foni, kwawo magetsi anathima. Nkhani ndi ya lamulo latsopano la za pa intaneti. Woika zabodza kapena zosokoneza mtendere, kundende. Wotumizira mnzake, kundendenso. Alamu kumenya tebulo: "Pakamwa panga ndinabadwa napo, sanandipatse ndi boma!" Ndinawauza kuti asandigwetsere sipika. Ine lamulolo silindikhudza. Ndani angamangidwe chifukwa cha keke ndi maluwa?

Lachitatu, 11 Juni

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dzulo foni inangolira tsiku lonse, ine n'kumati makasitomala. Ayi. Ndemanga imodzi ya munthu wosamudziwa: "Siyani mkwatibwi, onani kumbuyo kwake." Pansi pake anthu piringupiringu.

Ndinaona. Kuseri kwa phewa la mkwatibwi, patsidya pa msewu, pikapu ya apolisi itaima kudikira mdipiti wa ukwati udutse. Kumbuyo kwake mnyamata wa malaya achikasu, atakhala pansi, manja kumbuyo. Wapolisi atamuponda paphewa ndi jombo. Nkhope ikuoneka bwinobwino, chifukwa ine ndinachedwetsa kanemayo ndi kuwalitsa mitundu kuti diresi liwale. Ndinakhalitsa pa kachidutswa kameneka Lolemba, maso ali pa diresi. Mnyamatayo sindinamuone.

Ndi wometa wa pafupi ndi msika. A Diso ametedwapo kwa iye. Anamwalira. Apolisi ananena pa wailesi kuti anamuombera Lamlungu m'bandakucha akuthyola sitolo, ndipo kuti asanafe sanakhalepo m'manja mwawo. Ukwati unali Loweruka masana. Ngakhale mwana wathu Kabatani wa kusukulu ya mkaka angaone kuti masikuwa sakugwirizana.

Ndafufuta. Kufufuta chiyani, poti aliyense ali naye kale m'foni mwake. Dzina la situdiyo lili pakona, nambala yanga pansi pake. Ndinkaika dala, monyadira, kuti pasapezeke wondibera ntchito.

A Diso ataona sanadabwe. Ichi ndiye chandisowetsa mtendere. Anangotuluka kukakhala pakhonde, n'kumapukuta galasi la kamera loyera kale.

Lachinayi, 12 Juni

Kwabwera mayi. Aafupi, duku lakuda, nsapato za pulasitiki fumbi lokhalokha. Anaima pakhomo la situdiyo osagogoda, mpaka ndinawafunsa ngati akufuna chithunzi cha chiphaso. Amayi ake a wometa uja.

Sanabwere ndi mlandu. "Mwananga, akuti mzime wanga ali mu kanema wanu. Foni yangayi sionetsa zithunzi." Kafoni ka mabatani, komanga ndi labala. Maliro anaika dzana. Bokosi anapatsidwa lokhomeratu, nkhope sanaloledwe kuona.

Ndinatseka chitseko, ndinawakhazika pa mpando wanga. Anaonera mobwerezabwereza, chala chili pa galasi la kompyuta, pa malaya achikasuwo. Ine amene ndimakalipira aliyense wokhudza galasi limenelo ndinawasiya akhudze. Kenako iwo: "Pakamwa pake pakugwedezeka. Akuti chiyani? Tachotsani nyimboyi."

Ndinati ndi phokoso lokhalokha. Anati amveko phokosolo. Ndinatsegula kanema wosadula, pamodzi ndi pogwedezeka paja, ndinakweza sipika.

Mahutala. Azimayi kuimba. Kenako mawu, akutali koma omveka: "Achimwene a kamera! Achimwene a kamera, ndijambuleni! Mukawauze amayi anga kuti anditenga!" Kamera kutembenukira kwa iye. Mbama. Ndiye mawu ena, pafupi kwambiri ndi maikolofoni, onong'ona, amene ndimawamva m'mawa uliwonse akundifunsa za madzi osamba: "Mulungu wanga, amupha uyu." Kamera kubwerera kwa mkwatibwi.

Mayiwo sanalire. Anati ndibwereze, anayandikiza kafoni kawo pa sipika n'kudina batani, monga amachitira anthu akafuna kusunga nyimbo ya kwaya. "Ndizimumvako ndikamusowa." Sindinaganizeko zowaletsa. Mayi ungamumane bwanji mawu a mwana wake?

A Diso ndawafunsa tikudya. Amavala mahedifoni pojambula, anamva zonse. Ankadziwa Loweruka, ankadziwa Lolemba pamene ine ndinkaika nyimbo ndikuimbirira ngati chitsiru. Ndinawalalatira mpaka Kabatani anakabisala kuseri kwa chitseko. Yankho lawo: "Ndinatumidwa uthenga, a Sizasi, ndipo sindinakapereke. Nyumba yawo ndikuidziwa." Ndakwiya nawo, ndikuwamveranso chisoni, zonse nthawi imodzi. Ndikanakhala ine wogwira kamera ndikanatani? Sindikufuna kudziyankha.

Lachisanu, 13 Juni

Mafoni opanda mawu. Ndikayankha, munthu kupuma, kenako kudula. Mtolankhani naye waimba, ndamuuza kuti walakwitsa nambala.

A Diso anavala m'mawa kuti akupita kwa mayi aja, akanene ndi pakamwa pawo. Ndawabisira nsapato. Munthu wamkulu kufunafuna nsapato kunsi kwa bedi, ine ndili pakhomo manja m'chiuno. Ndawauza kuti tikhale chete mphepoyi idutse. Anthu a pa intaneti sakhalitsa pa nkhani imodzi, mawa kugwa ina, ya woimba kapena ya mpira, atiiwala.

Kasitomala mmodzi yekha tsiku lonse, wa chithunzi cha chiphaso. Ankangocheukira kukhomo. Chithunzi chatuluka maso ali kumbali, wachitenga chomwecho.

Loweruka, 14 Juni

Atengedwa.

Anabwera awiri, ovala zovala wamba, pa galimoto yoyera yopanda nambala kutsogolo. Mmodzi wamtali, wosalankhula. Wina wonenepa, mafuta onunkhira, ulemu wochita kusefukira. Anagogoda, anapukuta nsapato pa chiguduli cha pakhomo nthawi yaitali, anapereka moni ndi manja awiri. Anafunsa za Kabatani pomutchula dzina lake la kusukulu, limene ngakhale aneba salidziwa. Ndamutcha Waulemu. Munthu wolalata ndimadziwa pomugwira, uyu ayi.

Anatulukanso kukawerenga chikwangwani mokweza. "Timaikamo amene sanabwere. Zoona, mayi? Luso limeneli ndi lanu?" Ndinati inde. Anapempha ndimuonetse. Ndinamuonetsa chithunzi cha banja lija, mchimwene asanalowemo ndi atalowamo. Anaomba m'manja. "Ndiye kuti ngakhale galimoto mungathe kuikamo." Apo m'pamene ndinazindikira kuti dzenje ndadzikumbira ndekha, khasu lake ndi chikwangwani changa chomwe.

Atenga kompyuta, kamera, makhadi onse, ndi a maukwati a anthu ena omwe. A Diso akuti akathandize pa mafunso ochepa, abwera dzuwa lisanalowe. Nsapato ndinawatulutsira ndekha m'dengu la zochapa. Anavala jekete, anandipatsa makiyi ndi foni. Munthu wobwera dzuwa lisanalowe sasiya makiyi.

Tinali ndi ukwati wina lero masana, wapita wopanda wojambula. Mwini wake wanditukwana pa foni, ndipo ali ndi chifukwa.

Dzuwa lalowa. Pa tebulo patsala zingwe zokhazokha ndi malo oyera pamene pankakhala kompyuta.

Lachiwiri, 17 Juni

Kupolisi tsiku lililonse. Chakudya amalandira, munthu osamuona. Kontena imabwerera yotsuka, ndiye mwina akudya iwo, mwina akudya ena. Benchi la pakhonde, azimayi okhaokha ndi makontena pamiyendo. Palibe wofunsa mnzake kuti wako analakwanji. Wina anandizindikira, n'kusunthira kumapeto.

Chitolokosi chake n'chomwe anagonamo wometa. Wanditsina khutu ndi mayi wosesa, akukolopa pafupi ndi mapazi anga, osadzutsa mutu.

Intaneti ikukwawa dera lathu lonse kuyambira Lamlungu. Uthenga wolemba umapita, chithunzi chimangozungulira. Akuti akukonza mawaya. Mawaya ake odziwa kusankha.

Alamu a "pakamwa panga" atuluka m'gulu la banja la pa foni. Chithunzi chawo achotsa, aikapo duwa ndi vesi. Ndakumana nawo kumsika, akuti, "Alamu, pa foni tisamakambe zambiri. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata." M'bale wawo weniweni, bere limodzi, ngakhale buledi osamupititsira. Ndinangowapitirira. Ndikanayankha bwenzi ndamangidwa pa mlandu wina.

Mkwatibwi naye waimba akulira. Amuna ake aitanidwa ndi abwana kuntchito, akufunsidwa chifukwa chake ukwati wawo ukunyoza boma. "Mwandisandutsira ukwati maliro." Ndapepesa. Diresi lija anachita kubwereka, anandiuza yekha akuseka, kuti ndiye mulijambule bwino chifukwa Lolemba likubwerera.

Chimene sindikumvetsa. Lamulo likuti wonama pa intaneti amangidwe. Chabwino, inenso bodza sindilikonda, anthu anandiphapo mlamu wanga wina pa foni ali moyo akudya nzimbe. Nanga wonama pa wailesi? Amene ananena kuti Lamlungu ali kwawo, akumwa tiyi. Amene anajambula Loweruka ali m'chitolokosi. Ndipo wofufuza ngati apolisi analakwa ndi wapolisi. Izi ndikulemba muno, mopanda netiweki. Komabe ndadzipeza ndikulemba zilembo zing'onozing'ono.

Kabatani ndamupititsa kwa achemwali. A landilodi ayamba kupereka moni wautali.

Lachinayi, 19 Juni

Kontena yabwerera yosatsegula. Ndafunsa, akuti mwina sakumva njala.

Lachisanu, 20 Juni

Waulemu wandiitanira mu ofesi. Tiyi, mabisiketi pa mbale. Kompyuta yanga pakona, pansi, pamwamba pake ataikapo ketulo.

Nkhani yake ndi yosavuta, akutero. Ndikhale kutsogolo kwa kamera, ndinene kuti galimotoyo ndi mnyamatayo ndinachita kuikamo ndekha kuti tsamba lathu litchuke. Ndipepese. Ndiike pa tsamba lomwelo. A Diso atuluka tsiku lomwelo, mlandu uthera pa chenjezo. "Inu mumachotsa zosafunika pa ukwati kuti banja likhale pa mtendere. Ifenso ntchito yathu ndi yomweyo, mayi, kungoti banja lathu ndi lalikulu." Ndinafunsa kuti nanga ndikakana. Anakankhira mbale ya mabisiketi kwa ine. "M'chitolokosi mumadzaza, mayi. Anthu amadwala."

Potuluka, loya. Mtsikana wa bungwe lina loona za ufulu, akundidikira kunja kwa geti, mafayilo kukhwapa. Wanzeru, wolankhula bwino, ndipo ndikuona kuti sakunama. Akuti kanemayo ndi umboni wokhawo umene banja la wometa lili nawo. Ndikanena kuti ndi wabodza, mlandu wafa, ndipo aliyense wodzajambula wapolisi mawa adzangomunena kuti nayenso waikamo. Ndilimbe mtima masabata angapo, apita kukhoti. "Chaona mnzako chapita, mayi." Mwambiwo ndikuudziwa mpaka kumapeto kwake. Koma masabata angapowo iye azigona pa bedi.

Anafunsa ngati wosadula uja ndinamusunga pena. Ayi. Zonse zinali m'kompyuta ndi m'makhadi. Wotsala ndi wamfupi uja, wa nyimbo, wowalitsidwa, wochedwetsedwa, zala zanga zili ponseponse. Nditakhala woweruza ineyo sindingamukhulupirire.

Kafoni ka labala kaja kanandibwerera m'mutu. Ndinatseka pakamwa. Mmenemo muli mawu a amuna anga akuti amupha uyu. Kwa loya ndi umboni, kwa ine ndi chingwe cha pakhosi pawo.

Khoswe wakhala pa mkhate. Tiyi wa Waulemu uja ndinamwa, manja ankafuna chogwira.

Lamlungu, 22 Juni

Andilola kuwaona, pa kawindo ka waya.

Achepa. Ndevu, fungo, jekete alibe. Dzanja lamanja analibisa kumbuyo, ndinachita kuwakalipira kuti alionetse. Lotupa ngati buledi, zala ziwiri zokhota. Akuti chitseko. Chitseko chodziwa dzanja logwira kamera.

Ndinawauza za Waulemu. Ndinkayembekeza kuti ati chitani msanga. Anthu awa zaka zonsezi kani sindiwadziwa. "Musanene, a Sizasi. Ndinamufulatira kamodzi. Mukanena ndiye kuti tamupha kachiwiri." Anzawo a m'chitolokosi awaonetsa pakona pamene wometa anagona Loweruka lija. Ndi pomwe iwo akugona, anachita kupempha.

Ndinawauza kuti ine ndinakwatiwa ndi munthu wamoyo, ndipo Kabatani sindikamuuza kuti bambo ake anali olimba mtima, ndikufuna akamuuze okha. Iwo akuti ndimakonda kudula zinthu ndisanamvetsere. Ine ndikuti mwayamba liti kulankhula, inu amene munangoti zii sabata yonse? Tinakangana pa wayapo ngati tili kukhitchini. Wapolisi wa pakhomo anaseka, n'kuti nthawi yatha.

Kutchalitchi sindinapite. Ndachapa zovala zawo zonse, ndi zochapa kale zomwe. Ndikuopa. Ndilembe poyera: ndikuopa kuti andipatsa bokosi lokhomeratu.

Lachiwiri, 24 Juni

Ndanena.

Kamera yake yathu yomwe. Wamtali uja ndiye anagwira, mopendama, zenera lili kumbuyo kwanga, nkhope yanga bii. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti asunthe. Zaka zonsezi sindinakhalepo kutsogolo kwake. Ndinanena kamodzi, osalakwitsa, osalira. Waulemu akuti ndikanayenera ntchito yowerenga nkhani.

Intaneti yathamanga bwino lero. Kanemayo anakwera ndisanamalize kupuma.

A Diso ali kuchipinda. Anabwera okha wapansi, lamba ndi zingwe za nsapato zili m'thumba. Ndawasambitsa, ndapita nawo kuchipatala, dzanja alimanga. Adokotala akuti zala zidzagwira, koma osati ngati kale. Sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Anathokoza madzi otentha ngati mlendo.

Ali moyo. Ndikumva kupuma kwawo ndili pano. Sindikupepesa kwa aliyense.

Lachisanu, 27 Juni

Ndemanga sindiyenera kuwerenga, koma ndikuwerenga. Mfiti. Wodyera pa maliro. Ena akuti ndinanama poyamba, ena akuti ndanama tsopano, onse agwirizana kuti ndine wabodza. Alamu abwerera m'gulu la banja, duwa achotsa. Atumizamo kanema wanga ndi malangizo akuti abale tisamakhulupirire zilizonse za pa intaneti.

Pa wailesi mkulu wina wanditchula ngati chitsanzo cha chifukwa chake lamuloli likufunika. Akuti aliwonjezera mano.

Dzulo wina wajambula apolisi akumenya mayi wogulitsa zipatso pa depoti. Pansi pake anthu akulemba kuti a Sizasi ayambanso, n'kumaika tinkhope toseka. Loya ananena.

Kompyuta abweza, yopanda kanthu, pamwamba pali chizindikiro cha ketulo. Maukwati a anthu onse apita. Ndidzawauza chiyani, akwatirenso? Chikwangwani ndachitsitsa, chili kuseri kwa kabati. Galimoto yoyera imadutsa m'mawa ndi madzulo, pang'onopang'ono, siima.

A Diso amakhala pakhonde, maso ku njira ya kumsika. Ayesa kunyamula tambula ndi dzanja lomangalo. Magalasi osweka ndasesa. Sitikangana, sitilankhulanso. Ine ndinkati ndikawatulutsa ndiye kuti ndawabweretsa kunyumba.

Mayi a duku lakuda ndawaona patali kumsika, akusankha tomato. Ndinakhotera njira ya kumakala.

Lamlungu, 29 Juni

Abwera m'mawa, duku lomwe lija. Ndinafuna kunena kuti a Diso agona, koma anali pakhonde, anaimirira n'kuwalowetsa m'nyumba okha. Koyamba kuonana awiriwa. A Diso anagwada pa simenti n'kupereka uthenga wa Loweruka lija, mawu ake onse monga anawamvera. Mayiwo anati, "Wafika, bambo. Dzukani."

Ine ndinadikira matemberero. Sanabwere. "Mwananga, ndinakuonani pa foni ya aneba. Inenso akanandiuza kuti ndinene zimenezo kuti mzime wanga atuluke, ndikananena kawiri." Apa ndiye ndinalira, ine amene sindinalire kupolisi.

Kenako anamasula kafoni pa nsonga ya nsalu. Loya uja wawapeza, amuikira mawuwo kuti amve. Loyayo akuti mawuwo ali pa kakhadi m'kati mwa foni, ndipo mahutala ndi nyimbo ya azimayi angathe kuzifananitsa ndi zimene alendo a pa ukwati anajambula m'mafoni mwawo, palibe anganene kuti ndi zoikamo. Koma mayiwo akana kupereka. "Muli anthu awiri umu. Wanga sangamumangenso. Ndabwera kudzafunsa mwini mawu enawo."

Ndinayankha ine, msangamsanga. Ndinati ayi. Ndinatchula dzanja, Kabatani, galimoto yoyera. Ndinati ineyo ndiye ndidzakhala wonama weniweni tsopano, pa lamulo lawo lomwelo, atitenga tonse awiri. Palibe ananditsutsa. Mayiwo anagwedeza mutu n'kuyamba kumanganso kafoni pa nsalu.

A Diso anatambasula dzanja lamanzere. Labala anachotsa ndi mano, chivindikiro ndi chala chachikulu, batire n'kugwera pa simenti. Kakhadi kali pansi pa kachitsulo kofuna zikhadabo ziwiri. Anayesa. Anayesanso, foni ikuterereka pa bondo, dzanja lomangalo lili pambali ngati la munthu wina. Sanandilamule. Anangondiyang'ana, koyamba chitulukireni, n'kundipatsira foniyo. "A Sizasi, zala zanga sizikutha."

Zanga zimatha. Ndatsegula.

Mayi ali pabalaza ndi a Diso, akumwa tiyi. Loya tamuimbira, wati ali m'njira. Kakhadi kali pano pa tsamba la buku ndikulembali, kochepa kuposa chikhadabo cha Kabatani. Achemwali ndawauza kuti asamubweretse kaye. A Diso ndawaphikira, adya zonse, apempha zina, anditchulanso kuti mchere ndachulutsa. Mawu amenewo ndinawasowa. Jekete lina lokhuthala ndalitulutsa, lili pa mpando pafupi ndi chitseko. Langa lili pamwamba pake.

Galimoto yoyera yadutsa, yakatembenuka pa mphambano. Ulendo uno yaima.

Kakhadi ndakaika m'kamwa, kuseri kwa tsaya. Kakumveka chitsulo. Wina akupukuta nsapato pa chiguduli